Nyimbo zokamba za imfa zili ndi ntchito yake m'chigwa cha Shire

Madzi osefukira akaphwa m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, malipoti omwe amafika kwa akuluakulu a boma amakhala ndi chiwerengero cha nyumba zomwe zagwa, mahekitala a mbewu zomwe zakokoloka, matumba a chimanga omwe akufunika, komanso anthu omwe amwalira ndi omwe asowa.

Chomwe sichilembedwa m'malipotiwa ndi momwe mabanja oferedwa amalirira abale awo, makamaka pamene thupi silidapezeke, manda amira ndipo mudzi wonse wabalalikira m'misasa.

Kuyambira kale, anthu a m'chigwachi, omwe ambiri mwa iwo ndi Amang'anja ndi Asena, akhala akulira maliro awo kudzera m'nyimbo. Pali nyimbo za mapemphero zomwe zimachezera pa siwa, pali ulimba womwe umalira usiku wonse, ndipo pali ng'oma za gule zomwe zimaperekeza womwalira.

M'maiko a ku Ulaya ndi America muli mtundu wina wa nyimbo za magitala amagetsi, wotchedwa doom metal ndi sludge metal, womwe nawo mutu wake waukulu ndi imfa, chisoni komanso funso loti moyo wa munthu uli ndi tanthauzo lanji. Ngakhale kamvekedwe kake kali kosiyana kwambiri ndi ka ulimba, kuziika pamodzi nyimbozi kumathandiza kuona ntchito yomwe nyimbo za chisoni zimagwira, ndi chifukwa chake adindo okonza ndondomeko za m'chigwa cha Shire akuyenera kuziganizira.

Chigwa chomwe chaona maliro ambiri

Chigwa cha Shire chimayambira kumunsi kwa mathithi a Kapichira n'kutsetsereka mpaka kumalire a dziko lino ndi Mozambique. Ndilo dera lotsika kwambiri m'Malawi muno, limatentha kupitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo madzi a mitsinje ya Ruo ndi Mwanza amadzakumana ndi a Shire momwemo. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 860,000 m'maboma awiriwa.

Mbiri ya derali ili ndi nyengo zingapo zomwe anthu adafa ambiri nthawi imodzi. M'zaka za 1862 ndi 1863, chilala ndi nkhondo za ogula akapolo zidadzetsa njala yoopsa, moti David Livingstone ndi amishoni omwe adali m'chigwachi adalemba zoti mitembo inkayandama mumtsinje wa Shire. Ena mwa amishoniwo adamwalira komweko ndipo manda awo akadalipo ku Chikwawa.

M'zaka za m'ma 1980 kufikira 1992, nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique idathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo ambiri adakhala m'misasa ya m'boma la Nsanje monga Nyamithuthu ndi Mankhokwe. Nthawi yomweyo mliri wa Edzi udayamba kutenga anthu a misinkhu yogwira ntchito, n'kusiya ana amasiye m'manja mwa agogo.

M'zaka zaposachedwa, madzi ndiwo akhala akubweretsa zovuta. Mu Januwale 2015, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 agwidwa ndi ngozi, ndipo kauniuni wa boma adapeza kuti anthu 106 adamwalira, 172 adasowa pomwe pafupifupi 230,000 adasowa pokhala. Ambiri mwa omwe adasowa adali a m'boma la Nsanje.

Padatsatira namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 yemwe adaononga damu la magetsi la Kapichira, kenaka wa Freddy mu Malichi 2023. Freddy adapha anthu oposa 670 m'chigawo cha kummwera, ena oposa 500 adasowa, ndipo oposa 650,000 adathawa m'nyumba zawo. Yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalamula kuti mtundu wonse ulire kwa masiku 14.

Kulira kwa mtundu wonse kumaoneka ndi mbendera zopepera pakati pa mlongoti. Kulira kwa banja kumafuna malo, nthawi, anthu ndi nyimbo.

Usiku wa pa siwa

M'mudzi mukagwa zovuta, mfumu ndiyo imayamba kudziwitsidwa, kenaka uthenga umapita kwa abale akutali. Pofika madzulo amayi amakhala ali m'nyumba ya siwa pamodzi ndi thupi la malemu, abambo azungulira moto panja, ndipo adzukulu akukonzekera ntchito ya kumanda.

Usiku umenewu ndi wautali, ndipo chomwe chimaudutsitsa ndi kuimba. Makwaya ndi magulu a amayi a mipingo yosiyanasiyana amasinthana nyimbo kufikira tambala woyamba, wina akuyambitsa, gulu likuvomera.

Kuimbaku kumagwira ntchito zingapo. Kumathandiza anthu kukhala maso kuti anamfedwa asatsale okha ndi thupi. Kumapatsa mpata olira kuti apume ena akamaimba. Kumaperekanso chilolezo chonena zomwe sizinenedwa masana pabwalo, monga kufunsa chifukwa chomwe mwana watsogolera kholo lake, kudandaula za ana omwe atsala opanda wowasamala, ndi kukumbutsa aliyense wakhala pamenepo kuti njira ndi yomweyo.

Akuluakulu adati maliro n'kulirana. Kaimbidwe koyambitsa ndi kuvomera kamaonetsa mwambi umenewu poyera, chifukwa palibe nyimbo ya pa siwa yomwe munthu amaimaliza yekha.

Ulimba ndi ng'oma

Chipangizo choimbira chomwe chigwa cha Shire chimadziwika nacho kwambiri ndi ulimba, womwe Asena amautchula kuti valimba. Umapangidwa ndi matabwa osemedwa pafupifupi 20 kapena kupitirirapo, omwe amayalidwa pa chimango kuyambira lalikulu lolira mawu a besi kufikira laling'ono lolira mawu okwera.

Pansi pa matabwawo pamamangidwa zikho zomwe zimakuza mawu. Chikho chimabooledwa pambali ndipo pabowopo pamamatidwa kachikopa kopyapyala, komwe kale kankachokera ku chisa cha kangaude. Thabwa likamenyedwa, kachikopako kamanjenjemera n'kupereka mawu osasa omwe amamveka patali usiku.

Ulimba umodzi umaimbidwa ndi anthu angapo nthawi imodzi, kawirikawiri atatu, aliyense ndi gawo lake la matabwa. Zomwe akumenya zimalukana ngati mphasa, moti womvera sangathe kusiyanitsa dzanja la uyu ndi la uyo. Pambali pamakhala kang'oma kakang'ono ndi maseche.

Ulimba umalira pa zisangalalo, komanso umaitanidwa pamaliro ndi pa miyambo yokumbukira omwe adamwalira, komwe umachezera usiku wonse anthu akuvina. Mlendo angadabwe kuona anthu akuvina pamalo pa chisoni, koma eni dera amadziwa kuti kumeneko n'kupepesa anamfedwa ndi kulemekeza yemwe wapita.

Akatswiri a nyimbo akhala akuchita chidwi ndi luso limeneli. Hugh Tracey, yemwe adayambitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa ya International Library of African Music m'chaka cha 1954, adajambula nyimbo ndi ng'oma za Amang'anja m'chaka cha 1958, Nsanje ikutchedwa Port Herald. Gerhard Kubik wa ku Austria adachita kafukufuku m'chigwachi m'chaka cha 1967, ndipo mu 1991 Andrew Tracey adasindikiza zomwe adapeza pa kaimbidwe ka gulu la valimba la Kambazithe Makolekole.

Mwa zina, akatswiriwa adapeza kuti amisiri a ulimba amachuna matabwa awo m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, zomwe n'zosiyana ndi machunidwe a limba la m'tchalitchi kapena gitala. Izi zikutanthauza kuti nyimbo ya ulimba ikaimbidwa pa kiyibodi imasintha, ndipo mmisiri wodziwa kuchuna akamwalira asadaphunzitse wina, kamvekedwe kameneko kamapita naye.

M'midzi ya Amang'anja komwe kuli Gule Wamkulu, makamaka m'boma la Chikwawa, zilombo zimatuluka pamaliro a munthu wolowa gule kapena a mfumu, komanso pa mwambo wa bona womwe umatsiriza nyengo yolira. Malinga ndi chikhulupiriro cha eni mwambo, gule amaperekeza mzimu wa malemu kuti ukafike bwino kwa makolo. Bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse m'chaka cha 2005, ndipo lidamulemba m'kaundula wake mu 2008 m'dzina la maiko a Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Mbona ndi malo a akufa pakati pa amoyo

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe miyamboyi ilili yolemera chotere, ayenera kukumbukira kuti nkhani yaikulu ya chipembedzo cha makolo m'chigwa cha Shire ndi nkhani ya imfa. Malinga ndi mbiri yomwe Amang'anja amasimba, Mbona adali mvumbitsi wa mvula yemwe adathawa adani ake, koma adamupeza n'kumudula mutu. Magazi ake akuti adasanduka mtsinje, ndipo mutu wake udaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi pafupi ndi boma la Nsanje, komwe kuli kachisi wake mpaka lero.

Wansembe wa Chikatolika yemwenso adali katswiri wa za chikhalidwe, Matthew Schoffeleers wa ku Netherlands, adakhala zaka zambiri m'derali ndipo m'buku lake la River of Blood la m'chaka cha 1992 adalumikiza nkhaniyi ndi nkhondo zomwe zidachitika mu ufumu wa Lundu cha m'ma 1600. M'chaka cha 2011, boma la Malawi lidapereka Khulubvi ndi malo ena a Mbona ku UNESCO pa mndandanda wa malo omwe likufuna kuti adzazindikiridwe padziko lonse.

M'nkhani ya Mbona, munthu wophedwa ndiye amasanduka wopereka mvula. Ganizo loti womwalira akadali ndi gawo pa moyo wa mudzi lidazika mizu m'chigwachi, ngakhale pakati pa anthu omwe lero ndi Akhristu kapena Asilamu. Ichi ndi chifukwa chake manda, mwambo wa maliro ndi nyimbo zake sizitengedwa ngati nkhani yaing'ono.

Kodi doom metal ndi sludge metal n'chiyani?

Nyimbo zomwe zimatchedwa doom metal zidachokera kumalo kosiyana kotheratu, mumzinda wa mafakitale wa Birmingham ku England. Liwu loti doom limatanthauza tsoka kapena chimaliziro chosathawika. Chiyambi chake chimawerengedwa kuchokera ku gulu la Black Sabbath, lomwe chimbale chake choyamba chidatuluka pa 13 Febuluwale 1970 ndipo chimayamba ndi mkokomo wa mvula, mabingu ndi belu lolira pang'onopang'ono ngati la maliro.

Woimba gitala wa gululi, Tony Iommi, adaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a m'fakitale ali ndi zaka 17. Pofuna kuchepetsa ululu poimba, adayamba kugwiritsa ntchito nsambo zofewa ndipo pambuyo pake adazimasula kuti zizilira motsika. Mawu olemera, otsika ndi ochedwa omwe adatuluka pamenepo ndiwo adakhala maziko a mtundu wonse wa nyimbozi.

M'chaka cha 1986 gulu la Candlemass la ku Sweden lidatulutsa chimbale cha Epicus Doomicus Metallicus chomwe chidathandiza kukhazikitsa dzinali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, magulu a ku Finland monga Thergothon ndi Skepticism adachedwetsanso kwambiri kaimbidwe kake n'kuyambitsa nthambi yotchedwa funeral doom, kutanthauza doom ya pamaliro, yomwe imayenda ngati anthu onyamula bokosi.

Liwu loti sludge limatanthauza matope okhathamira. Nthambi imeneyi idasakaniza kulemera kwa doom ndi ukali wa nyimbo za achinyamata otsutsa zinthu, ndipo idakula kwambiri mumzinda wa New Orleans ku America kudzera m'magulu monga Eyehategod ndi Crowbar. Mzindawu uli pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Mississippi, ndi wotentha, wotsika ndipo umasefukira. Mu Ogasiti 2005 namondwe wa Katrina adamiza gawo lalikulu la mzindawu ndipo anthu oposa 1,300 adafa m'madera omwe adadutsa. Anthu a ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza sangafune womasulira kuti amvetse chifukwa chomwe oimba a malo otere adasankhira dzina la matope.

Magulu ena adawonjezera luso lopeka nyimbo zazitali zokhala ndi zigawo zambiri zosinthasintha, ndipo kaimbidwe kotere kamatchedwa progressive. Lodziwika kwambiri ndi gulu la Mastodon la mumzinda wa Atlanta, lomwe lidayamba m'chaka cha 2000.

Zimbale zingapo za gululi zidabadwa pamaliro enieni. Crack the Skye cha mu 2009 chidatchedwa dzina la mlongo wake wa woimba ng'oma Brann Dailor, yemwe adadzipha ali ndi zaka 14. Emperor of Sand cha mu 2017 chidapekedwa pamene abale a oimbawo ankavutika ndi matenda a khansa, pomwe Hushed and Grim cha mu 2021 chidali cholira manijala wawo Nick John yemwe adamwalira mu 2018.

Gulu la Bell Witch la ku Seattle lidatulutsa Mirror Reaper m'chaka cha 2017, chimbale chomwe chili ndi nyimbo imodzi yokha yotalika mphindi 83. Yemwe adali woimba ng'oma wa gululi, Adrian Guerra, adamwalira mu 2016, ndipo anzake adaika m'nyimboyo mawu ake omwe adajambulidwa akadali moyo.

Ngakhale mu Africa muno nyimbo za metal zili ndi otsatira. Ku Botswana gulu la Overthrust la m'tauni ya Ghanzi limachititsa chikondwerero chomwe phindu lake limathandiza ana ovutika, ndipo kanema wa Death Metal Angola wa m'chaka cha 2012 adaonetsa achinyamata a mumzinda wa Huambo, omwe adakulira m'nkhondo, akufotokoza zomwe adaona kudzera m'nyimbo zotere.

Pomwe zikufanana ndi pomwe zikusiyana

Palibe ubale wa mbiri pakati pa ulimba ndi doom metal, koma pali zinthu zitatu zomwe oimba a mbali zonse adazitulukira paokha.

Choyamba ndi nthawi. Chisoni sichitha m'mphindi zitatu za nyimbo ya pa wailesi. Woimba ulimba amachezera usiku wonse, ndipo gulu la doom limapeka nyimbo yoposa ola limodzi, chifukwa wolira amafunika kukhala nacho chisonicho kufikira chitapepuka.

Chachiwiri ndi mawu otsika ndi osasa. Mmisiri wa ulimba amamata kachikopa pa chikho mwadala kuti mawu asase, monga momwe woimba gitala amapotokolera mawu ake ndi makina. Mawu otere amamveka m'chifuwa, ndipo munthu yemwe mawu amuthera amawamva kuti akumulankhulira.

Chachitatu ndi kutchula imfa ndi dzina lake. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku anthu amazungulira, amati watisiya, watsikira kulichete kapena wagona. M'nyimbo za mbali zonse ziwiri, imfa imakambidwa maso ndi maso.

Kusiyana kwake nako n'kwakukulu. Ulimba umathamanga ndipo umavinidwa, pomwe doom imayenda pang'onopang'ono. Nyimbo za pa siwa zimaimbidwira munthu wodziwika, pakhomo pake, ndi anthu omwe mawa adzathandiza kulima munda wa mkazi wamasiye. Doom imamvedwa kwambiri ndi munthu payekha pa lamya ya m'manja kapena pa phwando la zoimba lolipiritsa pakhomo.

Kuwonjezera apo, nyimbo za m'chigwa cha Shire, kaya za tchalitchi kapena za makolo, zimakhala ndi yankho loti womwalira ali ndi komwe wapita. Magulu ambiri a doom ndi sludge amasiya funsolo lopanda yankho, ndipo ena amaimba za mankhwala ozunguza bongo ndi kutaya mtima mosabisa. Pachifukwa ichi, kholo kapena mphunzitsi yemwe waona wachinyamata akudzipatula ndi nyimbo zotere ali ndi chifukwa chomufunsa momwe akumvera mumtima.

Komabe ngakhale kwa oimba a metal, imfa ikafika amabwerera ku mwambo wa gulu. Ozzy Osbourne wa Black Sabbath atamwalira pa 22 Julayi 2025, patangopita masabata ochepa gululi litaimba komaliza ku Birmingham, thupi lake lidadutsa m'misewu ya mzindawo motsogozedwa ndi bandi ya malipenga, anthu miyandamiyanda ataima m'mbali mwa msewu.

Zomwe kafukufuku adapeza

Pali maganizo ofala oti nyimbo zokamba za imfa zimachititsa munthu kukhala wankhanza kapena wotaya mtima. Ena amanena zomwezo za miyambo ya makolo ya pamaliro.

M'chaka cha 2015, Leah Sharman ndi Genevieve Dingle a ku University of Queensland ku Australia adachita kafukufuku pa anthu 39 okonda nyimbo zaukali. Atawakumbutsa zinthu zowakwiyitsa n'kuwalola kumvera nyimbo zomwe adasankha okha, adapeza kuti mkwiyo wawo sudakwere, ndipo ambiri adanena kuti akumva bwino.

Mu 2019, gulu la akatswiri a ku Macquarie University m'dziko lomwelo, lotsogozedwa ndi Bill Thompson, lidapeza kuti anthu okonda nyimbo za death metal amakhudzidwa ndi zithunzi za nkhanza mofanana ndi anthu ena onse.

Kafukufukuyu adachitika pa anthu ochepa komanso a chikhalidwe china, choncho sangayankhe mafunso onse. Koma zomwe adapeza zikugwirizana ndi zomwe midzi ya m'chigwa cha Shire yakhala ikuchita kwa mibadwo yambiri, zoti chisoni chikapatsidwa njira yotulukira chimapepuka.

Zomwe zili pachiswe

Pali zinthu zingapo zomwe zikusintha malo a nyimbo pamaliro m'chigwachi, ndipo zina mwa izo zimadutsa m'maofesi a boma.

Choyamba ndi kusamutsa anthu. Kwa zaka zambiri boma lakhala likulimbikitsa mabanja a m'madera osefukira, monga kwa Mfumu Yaikulu Nyachikadza ndi ku Makhanga kwa Mfumu Yaikulu Mlolo, kuti asamukire kumtunda. Mwa zifukwa zomwe anthu akhala akupereka pokana, kupatula nthaka yachonde ndi nkhani za ufumu, pali manda a makolo awo. Mudzi ukagawidwa pakati posamuka, kwaya imabalalika, gulu la ulimba limatha, ndipo banja limadzaona maliro oyamba pamalo atsopano lilibe owaimbira.

Chachiwiri ndi anthu osowa. Banja lomwe silidaone thupi limakhala pakati, losadziwa ngati liyambe kulira kapena lidikire. Popanda siwa palibe usiku wa nyimbo, ndipo chisoni chimatsala m'nyumba kwa zaka.

Chachitatu ndi malamulo a nthawi ya miliri. M'chaka cha 2020, pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19, boma lidalamula kuti pamaliro pasapitirire anthu 50. Lamuloli lidali lofunika poteteza miyoyo, koma lidaonetsanso kuti mwambo wa maliro ukafupikitsidwa, pamafunika tsiku lina loti abale adzakumane n'kumaliza kulira.

Chachinayi ndi kusokoneza miyambo yoipa ndi yabwino. Mwambo wa kulowa kufa, womwe umakakamiza mkazi wamasiye kugonana ndi mwamuna wina pofuna kuchotsa zomwe amati minyama, udadziwika kwambiri m'boma la Nsanje ndipo umaika miyoyo pachiswe. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amayi ndi abambo la mu 2013 komanso lamulo lokhudza HIV ndi Edzi la mu 2018 amaletsa miyambo yotere. Koma uthenga wothetsa mwambo woipa ukaperekedwa mosasamala, anthu amamva ngati zonse za makolo za pamaliro zaletsedwa, ndipo ulimba ndi ng'oma zimapita pamodzi ndi choipacho.

Chachisanu ndi zipangizo zenizenizo. Ulimba ndi matabwa ndi zikho, ndipo madzi akalowa m'nyumba umakokoloka ngati katundu wina aliyense. Mitengo yoyenera kusema ikuchepa, pomwe zokuzira mawu zoimba nyimbo zojambulidwa kale n'zosavuta kubwereka. Chokuzira mawu chimatha kuchezera usiku wonse, koma anthu amangomvera, savomera.

Gawo la adindo

Dziko la Malawi lidavomereza pangano la UNESCO loteteza chikhalidwe chosagwirika ndi manja m'chaka cha 2010, ndipo lili ndi ndondomeko ya chikhalidwe yomwe idavomerezedwa mu 2015. Lamulo la umwini wa luso la mu 2016, lomwe limayendetsedwa ndi bungwe la COSOMA, limatetezanso nyimbo ndi magule a makolo. Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2023, Freddy atangodutsa. Maziko ogwirira ntchito alipo kale.

Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, angathe kuonetsetsa kuti pokonza malo osamukirako pakhale malo a manda kuyambira pachiyambi, komanso kuti anthu a mudzi umodzi asamuke pamodzi. Angathenso kukambirana ndi mafumu ndi atsogoleri a mipingo za tsiku lokumbukira omwe adasowa, kuti mabanja awo akhale ndi usiku wawo wa nyimbo.

Ogwira ntchito za umoyo ndi za chisamaliro cha anthu omwe amapereka uphungu m'misasa angapindule pogwira ntchito ndi makwaya, magulu a amayi ndi oimba ulimba. Akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, kutali ndi Marka kapena Chapananga. Oimbawa sangalowe m'malo mwa dokotala, koma ndiwo amakhala pafupi ndi anamfedwa usiku woyamba ndipo amadziwa msanga yemwe chisoni chamukulira.

Nthambi yoona za chikhalidwe ingathe kulemba maina a amisiri ndi magulu a ulimba omwe alipo, kujambula kaimbidwe ndi machunidwe awo ndi chilolezo chawo, komanso kuyesetsa kuti zomwe Hugh Tracey ndi Gerhard Kubik adajambula zimvedwe ndi zidzukulu za omwe adaimba. Alangizi a zankhalango angathandize midzi kubzala mitengo yomwe amisiri amasemera matabwa, ndipo sukulu zingaitane amisiriwa kudzaphunzitsa ana pa maphunziro a zaluso.

Kwa aphunzitsi, apolisi ndi alangizi a achinyamata omwe angakumane ndi mnyamata kapena mtsikana womvera doom kapena sludge pa lamya yake, nzeru ndi kuyamba ndi kufunsa asadaweruze. N'kutheka kuti wachinyamatayo akufunafuna chomwe agogo ake ankachipeza pa siwa, ndipo ngati wataya mtima, kufunsako ndiko kungamufikitse kwa womuthandiza.

Nyengo ya mvula ikayandikira, makomiti a m'midzi oteteza anthu ku ngozi amakumana kuti aone mabwato, malo okwera ndi njira zochenjezerana. Pa mndandanda womwewo pangalembedwenso yemwe amasunga ulimba wa m'mudzi, malo ouma omwe ungasungidwe madzi akabwera, ndi omwe adzaimbire mabanja oferedwa anthu akadali mumsasa.